Michael Maier sanali tambwali

Zikomo alembi chifukwa cha nkhani ya Michael Maier, koma pomwe mwamuika m'gulu la atambwali osandutsa mtovu kukhala golide sindikugwirizana nanu. Bamboyu anali dokotala wophunzira bwino. Digiri yake anaitenga ku Basel, m'dziko la Switzerland, mu 1596, ndipo mu 1609 analowa ntchito kwa mfumu Rudolf II ku Prague, mzinda womwe lero ndi likulu la dziko la Czech. Mu 1617 iye mwini analemba buku lodzudzula anthu odyera anzawo masuku pamutu ndi nkhani za golide. Chaka chomwecho anatulutsanso Atalanta fugiens, buku lomwe limandigwira mtima kwambiri: zithunzi 50, chilichonse ndi ndakatulo yake komanso nyimbo ya mawu atatu. Inde, golideyo sanamupange, koma chomwe ankasakasaka posakaniza ndi kuphika zinthu pamoto makamaka anali mankhwala ochiritsa odwala.