Mbewu yokana manyowa

MALUME: Iwe, ndamva wabwera ndi mbewu ku Joni. Ndakutengera ndowa ya manyowa a nkhuku ndi kakapu ka Urea, osamuuza mayi ako.

MPHWAWO: Zikomo amalume koma mungandiphere mbewu. Iyi ndi Venus flytrap, chomera chodya ntchentche pozigwira ndi masamba ake otseka ngati msampha, kwawo ndi ku madambo a North ndi South Carolina ku America. Dothi la kumeneko ndi lopanda chakudya kuyambira kale, nchifukwa chake chinayamba kusaka tizilombo. Feteleza amachiwotcha mizu.

MALUME: Chomera chokana feteleza? Ndi mitengo ilipoyi? Boma likudziwa zimenezi?

MPHWAWO: Chimafuna peat moss, dothi la zomera zowola za m'dambo, theka ndi theka ndi perlite, timiyala toyera topepuka, kapena mchenga wa silica wotsuka bwino. Basi.

MALUME: Mchenga ndi nkhani? Pita kumtsinje ndi wilibala.

MPHWAWO: Wa kumtsinje umakhala ndi zambiri, muyambe mwauthira viniga, ukachita thovu ndiye kuti muli laimu, sitiwufuna. Ndipo madzi a pa mjigo kapena a pampopi ayi, ali ndi mchere wambiri, chimamwa a mvula okha.

MALUME: Ine madzi a pa mjigo ndamwa mpaka imvi izi, ndiye kanthu kakuda ngati chitosi cha nthata aka kakuti sikamwa? Chabwino, bweretsa khasu tikakwirire.

MPHWAWO: Sitikwirira amalume, timangowaza pamwamba, mphika nkuukhazika mu mbale ya madzi kuti pansi pazinyowa nthawi zonse, pakapita masabata angapo kamera.

MALUME: Kakamera tikaike kuseri kwa chimbudzi, kumeneko ntchentche ndi zaulere, zidzaona polekera.

MPHWAWO: Ntchentche ikhudze katsitsi ka mkati mwa msampha kawiri m'masekondi 20, pamenepo ndiye umatseka. Koma kuti chikule mpaka kugwira ntchentche yeniyeni dikirani zaka 3 kapena 4, chaka choyamba msampha wake ndi kadontho chabe.

MALUME: Zaka 4! Ntchentche za kwathu kuno zidzakhala zitakwatitsa zidzukulu. Nanga tikachipatsa kanyenya kuti chifulumire?

MPHWAWO: Msampha umawola, mafuta sichigaya.

MALUME: Manyowa ayi, mjigo ayi, kanyenya ayi. Mphwanga, ichi si chomera, wabwera ndi mlamu wa m'tauni. Bweretsa Urea wanga, ndipo ndowayo ubweze yotsuka.