Zigubu ziwiri za mafuta ophikira pa Bangula

Mlamu wanga ali ndi kagolosale pa Bangula. Tsiku lina anaika zigubu ziwiri za mafuta ophikira pa kauntala, zonse za malita asanu, chivindikiro chimodzimodzi. "Alamu, tandiuzani chodula ndi chiti." China chinachokera ku holoselo ya ku Limbe, china chinabwera pa kabaza kuchokera ku Vila Nova ku Mozambiki, kudutsa pa chipata cha m'malire cha Marka. Cha kabazacho, ndi fumbi lake lonse, ndiye chinali chotsikirapo mtengo.

Anthu amafulumira kunena kuti Mozambiki ili ndi nyanja, ife tilibe. N'zoona, koma taonani njira yomwe katundu amayenda. Akatsika sitima ku Beira, amakwera thiraki kudzera ku Tete, kulowa pa Mwanza, kufika ku Blantyre, kenaka n'kutsetsereka phiri lija la ku Chikwawa, kuoloka mlatho wa Kamuzu, ndiye azitipeza kuno. Chonsecho njanji ya ku Sena ili pakhomo pathu penipeni, ndipo kale sitima inkadutsa Mutarara, Nsanje, Bangula mpaka Limbe. Dizilo wa ulendo wozungulirawo amalipira ndi mayi wogula mafuta a m'kachubu pa msika wa Tengani. Za doko la Nsanje lomwe a Bingu wa Mutharika anatsegulira mu 2010 tisakambe, mutu ungatipweteke.

Msonkho si nkhani kwenikweni. Wa ku Mozambiki, womwe amautcha IVA, ndi 16 peresenti, ndipo VAT yathu siitalikirana nawo kwambiri. Pamene pagona nkhani ndi pa dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe metikali, ndalama ya ku Mozambiki, yakhala zaka ingapo ikungozungulira pa 64 ku dola imodzi. Wamalonda wa kwathu akapita kubanki n'kubwerako chimanjamanja, dola amakaigula pamsika wakuseri, ndipo mtengo womwe amalemba pa shelefu ndi wa kuseriko, osati wa m'nyuzipepala. Amaonjezanso kenakake poopa kuti pokaoda mawa apeza zinthu zakwera. Mlamu wanga amatero, ndipo sindimudzudzula.

Ndiye pali shuga. Nzimbe zake timaziona ndi maso pa Nchalo, utsi wa fakitale timaununkhiza, koma kwacha ikafooka, munthu wa metikali m'thumba amaona shuga wathu ngati waulere. Mabelo amaoloka Shire pabwato usiku, ife n'kutsala tikufola pamzere, paketi imodzi munthu mmodzi. Malire omwewo amene amatibweretsera mafuta otchipa ndi mchere ndi amenenso amatilanda shuga wa mu tiyi.

Kutsidyako nakonso si kumwamba ayi. Zipolowe zitabuka chisankho chawo cha mu Okutobala 2024 chitatha, misewu inatsekedwa, mathanki a mafuta opita kwathu anaima, ndipo anthu ambirimbiri a ku Morrumbala anathawira konkuno ku Nsanje. Masiku amenewo wa kabaza uja sankaoneka n'komwe.

Ndinagula chigubu cha fumbi chija. Mlamu anachipukuta ndi kansanza, n'kundiuza kuti ndisazolowere: wosintha ndalama pa Marka wakwezanso metikali, ndipo sabata yamawa ziwirizo zikhoza kufanana mtengo.