Magemu omenyana a makatuni musawapeputse

Achinyamata a pa Kamuzu Road akamakamba za magemu, nkhani imathera pa mpira ndi gemu ya mfuti ya PUBG basi. Ukangotchula gemu yoyenda chopita kumanja uku ukumenya aliyense wokutchingira njira, amakuseka kuti ndi za ana, ena amati za makedzana. Ine ndikukana. Mwa magemu onse osewera pa kachipangizo kogwira m'manja, amenewa ndi amene akutikwana kuno ku Salima.

Kwa amene simunasewerepo: mumasankha munthu wanu n'kuyamba ulendo. Adani akatulukira, sikirini imaima mpaka muwamalize onse, kenako mumapitirira. Kumapeto kwa gawo lililonse kumakhala bwana wawo, wovuta kugwetsa. Mabatani ofunika ndi ochepa, lomenyera ndi lodumphira, mwina lachitatu la mphamvu yapadera. Mwana wa Sitandade 2 amagwira nkhani musanamalize kumufotokozera.

Mtundu umenewu unatchuka ndi Double Dragon mu 1987 ndi Final Fight mu 1989, onse a ku Japan. Mu 1989 momwemo kampani ya Konami inatenga akamba anayi a katuni ya Teenage Mutant Ninja Turtles n'kuwaika m'makina oponya ndalama, oti anthu anayi azisewera nthawi imodzi. Mu 1991 inachitanso chimodzimodzi ndi katuni ina ya The Simpsons. Ndipo musadabwe kuti magemu akalewa amavuta chonchi. Mwini makina ankadyera pa kufa kwanu, ukafa umaponyanso ndalama ina. Mu 1990 akambawa anafikanso pa Game Boy ya Nintendo, yogwira m'manja ija ya sikirini yopanda mitundu.

Tsopano abwereranso. Mu 2022 kampani ya Tribute Games ya ku Montreal inatulutsa gemu ya akambawa yotchedwa Shredder's Revenge, yojambulidwa dala ngati ya kale, timadontho tikuonekera, ndipo imasewereka pa Nintendo Switch, chipangizo chogwira m'manja. Anthu mpaka 6 akhoza kusewera limodzi. Anakaitananso anthu omwe ankalankhula mawu a akambawa mu katuni ya 1987. Mukuona chomwe akugulitsa? Akugulitsa chikumbutso cha ubwana kwa azibambo a ku America ndi ku Ulaya amene ankaonera katuniyo asanapite ku sukulu.

Ifetu ubwana umenewo sitinaulawe. TVM inayamba mu 1999, ndipo ngakhale pamenepo ndi nyumba zingati kuno zinali ndi TV? Ambirife tinakulira mafilimu a karate a mu video show, titakhala pa benchi, kunja jenereta ikulira. Ndiye ife ndi amene tingaweruze gemu imeneyi mosakondera, chifukwa palibe chomwe ikutikumbutsa. Perekani kwa mwana wa ku Senga Bay amene sadziwa kuti mwa akambawa Leonardo ndi uti, Raphael ndi uti. Saibweza msanga. Ngati ikukoma kwa iyeyo, ndiye kuti ndi yokomadi.

Zina n'zoonekeratu. Ukaiika kamodzi siifunanso bando kapena netiweki, pomwe magemu a pa intaneti amakudula pakati netiweki ikangogwedera. Magetsi akathima batire imakupititsa. Gawo limodzi limatha m'mphindi zochepa, moti mu minibasi yodikira kudzaza pa depoti umamaliza magawo angapo kondakitala akadaitanira a ku Lilongwe. Chingerezi chambiri sichifunikanso.

Koma chimene ndimakondera kwambiri ndi chakuti mumasewera mbali imodzi. Pa gemu ya mpira wina amapambana, wina amanyanyala, wamng'ono salandira n'komwe mpata. Apa nonse mdani wanu ndi mmodzi. Switch ili ndi timabatani tochotseka m'mbali mwake, ndiye wina amatenga kamodzi, wina kena, mwakwana awiri pa chipangizo chimodzi. Mkangano umangobwera pa pizza yobwezeretsa mphamvu, wina akaitola mphamvu zake zili zodzaza pomwe mnzake watsala pang'ono kufa. Zimakhala ngati kulimbirana nthuli yomaliza m'mbale.

Vuto ndi mtengo, sindibisa. Switch si chinthu chogula ndi ndalama ya ganyu. Pali tizipangizo totchipa ta ku China tolembedwa kuti muli magemu mazanamazana. Muli akale abwino ndithu, koma ambiri ndi gemu yomweyo yangosinthidwa dzina, ndipo mabatani ake sachedwa kufa. Shredder's Revenge inafikanso pa foni mu 2023 kudzera pa Netflix, koma ine mabatani a pa sikirini sandisangalatsa. Chala chimaphimba mdani amene ukufuna kumenya.

Komanso si gemu iliyonse yokhala ndi nkhope ya katuni imene ili yabwino. Cartoon Network: Battle Crashers ya mu 2016 inasonkhanitsa anthu a m'makatuni otchuka angapo, koma oiyesa anainyoza kuti ndi yobwerezabwereza. Gemu ya mtundu uwu imafunika adani osiyanasiyana, wina woponya zinthu ali patali, wina wokugwira kumbuyo, komanso chibakera chizimveka kuti chafika. Zikasowa zimenezi umangodina batani limodzi mpaka tulo.

Azimayi ndi azibambo amene mukuopa kuti ana aphunzira ndewu, nkhawa yanu ndikuimva. Koma taonani kaye zimene zili pa sikirinipo. Asilikali a Shredder, mdani wamkulu wa akambawa, mu katuni ija ndi maloboti, ukawamenya amangophulika, magazi palibe. Muyerekeze ndi gemu ya mfuti imene mwana yemweyo akusewera pa foni yanu mukapita kumsika.

Amene muli ndi Switch kuno ku boma, nenani tikumane Loweruka masana. Koma kamba Donatello musamugwire, ndi wanga. Ndodo yake imafika patali.