Mainjiniya owerenga magalimoto okha

Dzulo ndinakhala nawo pa chionetsero cha mapulojekiti a ophunzira a chaka chomaliza a uinjiniya wa zamayendedwe m'mizinda, mpaka pano mtima sunatsike. Mnyamata wina, wanzeru ndithu, masamu ake osalakwa olo pamodzi, anatijambulira mphambano ya pakati pa mzinda, ma lane sikisi, flyover (msewu wam'mwamba) pamwamba, pa kompyuta magalimoto akungoyenda ngati madzi. Ine ndinangofunsa kafunso kamodzi, kuti nanga mwana wa sukulu awoloka pati? Anandiyang'ana ngati ndamufunsa za kumwezi, kenako akuti zimenezo ndi za kosi ya sustainability, yosamala anthu ndi chilengedwe, ndipo iye anaimaliza chaka chachiwiri.

Anaimaliza! Kumaliza ngati katemera eti?

Mwanayo sindikumuda ayi, vuto ndi ife amene timaphunzitsa. Tinatenga nkhani yosamala anthu ndi chilengedwe n'kuitsekera mu kakosi kamodzi ka semesita imodzi, ophunzira aloweza tanthauzo la lipoti la Brundtland la 1987 (la United Nations, lonena za chitukuko chosawononga tsogolo), aloweza SDG 11 (cholinga cha United Nations chokhudza mizinda), alemba mayeso, basi yatha. Akabwerera ku makosi enieni aja, a kapangidwe ka msewu, a kuwerengera traffic, kumeneko munthu woyenda pansi kulibe, wa njinga kulibe, wa pa wheelchair kulibe, utsi kulibe. Chimene sichili mu masamu a injiniya sichimangidwa, ndi zoona zimenezo. Kaya ndi silabasi yakale kaya malekichala alibe nthawi, zimenezo ndi zanu.

Sustainability siingakhale kosi yapambali. Iyenera kukhala m'kati mwa funso lililonse la mayeso. Wophunzira akawerengera kukula kwa msewu, magiredi adulidwe pomwepo ngati sanasonyeze powolokera anthu ndi poima basi. Osati ku chaputala chomaliza cha lipoti, kandime kamodzi kodzala mitengo m'mbali mwa msewu, ayi, m'kati mwa samu yeniyeniyo. M'mera mpoyamba abale.

Ndipo zimene zikundipweteka kwambiri n'zoti zitsanzo zilipo zambirimbiri, zosabisika. Ku Houston ku America anakulitsa msewu waukulu wa Katy Freeway, pofika 2008 malo ena inali ndi ma lane opitirira 20, patangopita zaka zochepa jamu inabwerera, chifukwa msewu ukakula anthu ambiri amayamba kuyenda pa galimoto mpaka udzadzenso. Ku Seoul ku South Korea mu 2003 anachita zosemphana, anagwetsa msewu wam'mwamba wa Cheonggyecheon n'kubwezeretsa mtsinje umene unakwiriridwa pansi pake, mzinda sunaime. Curitiba ya ku Brazil inapatsa mabasi njira yawoyawo kuyambira 1974, Bogotá ya ku Colombia inatsatira ndi mabasi a TransMilenio mu 2000. Ndinamufunsa mnyamata uja ngati anamvapo za Braess, katswiri wa masamu wa ku Germany, amene mu 1968 anasonyeza ndi masamu kuti kuwonjezera msewu kutha kuchedwetsa aliyense. Sanamvepo. Zaka zonsezi pa yunivesite osamvapo, koma flyover amaidziwa mpaka bawuti yomaliza.

Ndiye musandiuze kuti izi ndi nkhani za anthu okonda mitengo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.2 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Anthu omwewo amene mwana wathu anawasiya ku chaka chachiwiri. Msewu akaumanga ukhala zaka makumi angapo, cholakwa cha pa pepala lero chikhala chikupha anthu iye atapuma kale pa ntchito.

Komanso ma software awa amene timawakhulupirira ngati m'busa. Ophunzira amangothira manambala a magalimoto, kompyuta ikatulutsa mtundu wobiriwira onse m'manja. Ndi angati mwa iwo anatumidwapo kukaima pa mphambano ola limodzi dzuwa likuswa mtengo, kuwerenga anthu amene akuthamanga kuzemba magalimoto? Ndinafunsa m'holo monse muja, palibe anakweza dzanja, ndi malekichala omwe.