Mbiri ya agogo athu siyingakwane pa pepala limodzi

Sabata yatha tinaika m'manda agogo athu, omwe anatisiya atadutsa zaka 90. Ndikuthokoza nonse amene munabwera kudzatikhuza ku Ndirande, makamaka amayi a Mvano amene munachezera usiku wonse pasiwa mukuimba. Koma pali nkhani imene ikundivutabe mumtima, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiitule pano. Mbiri ya malemu imene timawerenga pamaliro imafupikitsa munthu mopitirira muyeso. Timatchula kumene anabadwira, sukulu zimene anaphunzitsa, chaka chimene anapuma pantchito ndi chiwerengero cha ana ndi zidzukulu, kenako wotsogolera mwambo amatikumbutsa kuti dzuwa lapendeka, tinyamuke ulendo wa kumanda. Zonsezo n'zoona, koma zimasiya kunja chimene anthu anawakondera agogowo.

Iwo anabadwa dziko lino likadali Nyasaland, nthawi imene makolo ambiri ankaona kuti mwana wamkazi akangodziwa kuwerenga kalata ndiye kuti sukulu yakwana. Analimbikira pa sukulu ya mishoni mpaka anakhala mphunzitsi, ndipo malipiro awo oyamba anali a mapaundi ndi masheleni, kwacha isanabwere mu 1971. Anayamba ndi kuphunzitsa Chinyanja, napitiriza pamene boma linalamula mu 1968 kuti chizitchedwa Chichewa. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Agogo anali atayamba kale kupuma, koma anatenganso choko ndi kubwerera ku Sitandade 1.

Apa ndi pamene ndikufuna tiimepo pang'ono. Kalasi lawo nthawi imeneyo linali pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa ku thunthu, ana atakhala padothi, ena akulira kufuna amayi awo, ndipo mabuku sankakwana ngakhale theka la anawo. Agogo sankakuwa kuti ana akhale chete. Ankaomba m'manja kawiri ndi kuyambitsa nyimbo motsitsa mawu, ndipo ana a kutsogolo akangovomera, phokoso lonse linkasanduka nyimbo. Zilembo za a, e, i, o, u, masiku a sabata, kuwerengera mpaka khumi, ngakhale kusamba m'manja, chilichonse chinali ndi nyimbo yake, ndipo zambiri ankapeka okha. Mwana akavutika kulemba, ankagwada pambali pake, kugwira kachala kake ndi kulemba naye chilembo mumchenga uku akuimba. Pamaliro paja ndinaona bambo wina wa imvi, yemwe anapuma kale pantchito yake, akuimba imodzi mwa nyimbozo mpaka kumapeto osaphonya liwu, misozi ili mbwembwembwe.

Chifukwa chake sindigwirizana ndi maganizo amene afala masiku ano akuti kuimba m'kalasi n'kutaya nthawi, ndiponso akuti mphunzitsi wa makalasi a ana aang'ono ndi wotsika poyerekeza ndi wa Sitandade 8 chifukwa iye salembetsa mayeso. Wa Sitandade 8 amalandira mwana wodziwa kale kuwerenga, ndipo wina anayamba wagwada mumchenga kuti mwanayo afike pamenepo. Timadandaula kuti ana ambiri akufika Sitandade 4 asakutha kuwerenga bwino, koma njira zimene amayi ngati agogo ankagwiritsa ntchito popanda buku sitinazilembe paliponse.

Kutchalitchi nako anali ofanana. Ankadziwa kuwerenga nyimbo mwa do, re, mi monga anaphunzitsira amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo ankalemba zilembozo pa bolodi kuti a kwaya agawane mawu. Sanajambulepo chimbale, ndipo mawu awo sanamvekepo pa wailesi ya MBC. Komabe kwa zaka zambiri, maliro akagwa m'dera lathu, amayi atavala malaya oyera ndi maduku ankayamba ayang'ana kumene iwo akhala kuti nyimbo iyambike.

Ugogo wawo sunali wa mpumulo. M'zaka za m'ma 1990 Edzi inatenga ana ambiri a m'badwo wapakati, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa kwaulere mu 2004, ndipo banja lathu silinaphonyedwe. Agogo anayambanso kulera pa msinkhu umene anzawo ankayenera kuleredwa. Ndalama ya penshoni inali yochepa, choncho ankakazinga zitumbuwa m'mamawa kuti tipeze makope ndi yunifolomu. Madzulo magetsi akazima ankati "Padangotelo", ife tonse n'kuvomera kuti "Tilitonse", ndipo nthano iliyonse inali ndi nyimbo pakati. Ena mwa ife tinkaiwala kwa kanthawi kuti ndife amasiye.

Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma kawirikawiri timawafunsa nzeru pokhapokha banja likagwedezeka. Za nyimbo zawo, za mmene anaonera mbendera yathu ikukwera mu 1964, za mmene Ndirande analili nyumba zisanathithikane, sitiwafunsa. Makomo ambiri lero ali ndi foni yotha kujambula mawu, ndipo ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa kukadali amayi okalamba amene anaphunzitsa mibadwo itatu. Ndikupempha amene muli nawo agogo otere kuti mukhale nawo pakhonde, muwafunse modekha ndipo muwajambule akuimba.

Ife a pabanja tagwirizana kusonkhanitsa nyimbo za m'kalasi zimene agogo anapeka kuti tizilembe tsiku lovundukula chiliza lisanafike. Amene munadutsa m'manja mwawo, chonde jambulani imene mukuikumbukira, ngakhale ndime imodzi yokha, ndipo munditumizire pa WhatsApp pamodzi ndi kalasi limene munaiphunzirira.