Dambo la Monavale si tchire lopanda ntchito

Loweruka lapitali ndinalawirira ku dambo la Monavale, mu Harare muno, ndi mdzukulu wanga. Mvula inali itagwa usiku wonse, madzi m'udzu akufika m'akakolo. Titangoyenda pang'ono, kadzidzi anavumbuluka pamapazi pathu penipeni, mwana uja n'kundigwira dzanja zolimba, "Agogo, tibwerere!" Kwathu tinakula tikumuopa kadzidzi, ati ngwa afiti. Koma wa m'damboyu amagona pansi mu udzu wautali, chakudya chake n'kukhala mbewa zomwe zimatithera chimanga. Udzuwo ukapsa kapena ukalimidwa, alibenso poikira mazira.

Muli mbalame zina m'menemo zomwe ambiri a ife sitinazionepo ngakhale takalambira mu Harare muno. Ina, corncrake, imaswana ku Ulaya, kukazizira uko n'kuuluka ulendo wonsewo kudzadya mu udzu wathu nyengo yadzinja. Kena, flufftail, kamangomveka kulira m'kati mwa udzu wonyowa, osaoneka, mpaka alendo okonda mbalame amaima maola akukadikira. Ndinaganiza za makolo athu omwe anachoka ku Zomba, ku Dedza, ku Mangochi kudzafuna ntchito kuno. Mlendo amabwerera komwe anapeza pogona.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi madzi. Mzinda uno unakhala kumtunda kwa madzi omwe umamwa. Madzi a ku Monavale amalowa mu mtsinje wa Marimba, a ku Cleveland Dam amatsika ndi Mukuvisi kudutsa nkhalango ya miombo ya Mukuvisi Woodlands, onsewo n'kukathera mu Lake Chivero, kenako ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, n'kubwerera m'mipope yathu. Dambo limamwa mvula, kuisefa, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Mukathirapo simenti, mvula imangothamanga ndi zinyalala zonse. Ndiye tikudabwa chiyani amayi athu akamagona pamzere pa mjigo ndi zigubu? Monavale, Cleveland Dam ndi Chivero zinalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la mayiko la Ramsar mu 2013, koma pepala lokha silinaletsepo munthu kukhoma zikhomo za mapuloti.

Ndinene chilungamo, nanenso ndili ndi mlandu. Zaka zambiri ndakhala ndikulima kamunda m'mphepete mwa Marimba cha ku Mufakose, kuthira feteleza, mvula n'kumukokolera mumtsinje. Tinkatero chifukwa cha njala, ndipo sindingaloze chala mayi wamasiye amene akudyetsa ana ndi kachigawo kake ka chimanga. Chimene sindivomereza n'choti wakhasu azithamangitsidwa pamene wandalama akumanga nyumba zosanja pakati pa dambo, chikalata chili m'manja. Khasu limawononga, inde, koma polimidwa udzu ungathe kumeranso tikapasiya. Pomangidwa ndiye patha.

A BirdLife Zimbabwe ndi anthu okhala ku Monavale, kudzera m'bungwe lawo la COSMO, akhala akulondera dambo lija kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake mdzukulu wanga anamuona kadzidzi uja. Ife a ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa madambo tili nawo pakhomo, bwanji timangoti izo ndi za anthu a kumayadi?

Dzinja likubwerali kamunda kaja sindilimanso. Mayi akunyumba ndawauza kale, sanakondwe, ndipo ufa wa miyezi iwiri umene tinkapezamo tikuganizabe kuti tiupeza bwanji.