Kalata yobwera mayeso asanalembedwe: za ku Joni, za kwathu ndi za ku Zambia

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha ndinali kwa achemwali anga ku Joni konkuno tikuonera mpira, mwana wawo wamkazi kungotulukira kuchipinda akukuwa foni ili m'manja, ife kudzidzimuka kuganiza kuti mwina waona khoswe. Ayi ndithu, inali imelo yochokera ku yunivesite. Akuti takusungira malo pa kosi ya akawunti, bola ukakhoze matiriki mmene wakhala ukukhozeramu. Mwanatu mayeso a Giredi 12, amene kuno amati matiriki, anali asanalembe, amayamba cha kumapeto kwa Okutobala uko, koma malo ali nawo kale. Achemwali misozi mbwembwembwe, alamu kumangozungulira pabalaza akuti "mwana wanga, mwana wanga" mpira onse kuiwala.

Ndinasangalala naye, zoona, koma mtima unathamangira kumudzi. Mwana wa achimwene anga analemba MSCE chaka cham'mbuyo mwake, anapeza mapointi 11, ndiye nthawi imeneyo anali akuphunzitsa masamu pa kasukulu kena ka pulayiveti komwe malipiro amabwera akafuna eni ake, akudikira mayina a osankhidwira ku yunivesite. Ana awiri a magazi amodzi, mitu yogwira onse, wina wauzidwa asanalembe wina walemba kalekale koma sakudziwa kuti akalowera kuti. Ndiye ndakhala ndikuzisinkhasinkha kuti kodi pamenepa akuchita bwino ndani.

Tiyambe ndi za kuno poti ambiri kwathu sazidziwa. Ku South Africa chaka cha sukulu chimayamba Januwale, mayunivesite amatsegula Febuluwale, ndipo zotsatira za matiriki zimatuluka Januwale yemweyo. Ndiye taonani, pakati pa zotsatira ndi kalasi yoyamba pali masabata ochepa chabe, sangayambe kusankha ana nthawi imeneyo. Nchifukwa chake mwana amafunsira malo ali mu Giredi 12, mafomu amatsegulidwa cha mu Epulo, ku yunivesite ya Cape Town (UCT) amatseka pa 31 Julaye, ku yunivesite ya Wits ya ku Joni konkuno za udokotala amatseka pa 30 Juni zina mpaka Sepitembala. Chimene amatumiza ndi lipoti la kumapeto kwa Giredi 11. Eya, malikisi a kusukulu komweko, osati a boma. Ngati kwathu tinganene kuti lipoti la temu yomaliza ya Fomu 3.

Nanga amene amalandira kalata yofulumirayi ndi ana otani? Apa mpamene pali nkhani. Si kungokhala wanzeru basi. Choyamba maphunziro amene unasankha polowa mu Giredi 10, chifukwa kuno masamu alipo awiri, Mathematics yeniyeni ndi Mathematical Literacy, ndiye amene anathawira ku yachiwiriyi poopa alijebula zitseko za uinjiniya, udokotala ndi makosi ambiri a za ndalama amazitseka yekha ali ndi zaka 15, asanadziwe nkomwe kuti akufuna kudzakhala ndani. Kenako mapointi, amati APS. Kuno nzosemphana ndi kwathu, ochuluka ndiye abwino. Ukapeza 80 kupita m'mwamba ndi 7, pakati pa 70 ndi 79 ndi 6, choncho kumatsika. Ku yunivesite ya Pretoria amawerenga maphunziro 6 kuchotsapo Life Orientation, ndiye denga lake ndi 42. Ku UCT samafuna za kuzunguliza, amangophatikiza mapelesenti a maphunziro 6 pa 600. Alamu tsiku loyamba nditawauza kuti mwana wa achimwene ali ndi 11 anandiyang'ana momvetsa chisoni ngati ndawauza za maliro kkkk, mpaka ndinawafotokozera kuti kwathu 6 ndiye mfumu.

Palinso mayeso ena apadera, NBT, amene makosi ovuta kulowa amafuna, makamaka za chipatala. Pepala lina la kuwerenga ndi kumvetsa manambala, lina la masamu. Amenewa ndi amene amagwira ana amene sukulu yawo imapereka malikisi ngati maswiti. Ndipo ku UCT amayang'ananso kumene mwana wachokera, sukulu imene anaphunzira ndi mmene banja lilili, nkumuwonjezera mapointi ngati wakulira movutika. Zimenezo ndimaziyamikira ngakhale kuno zimakanganitsa anthu kwambiri.

Lipoti la mwana wa achemwali ndinaliona ndi maso anga, analimata pa fuliji. Palibe phunziro limene anaphulika nalo mpaka kudabwitsa anthu, koma palibenso limene linagwa, zonse zili cha m'ma 70 ndi 80, temu ndi temu chimodzimodzi. Ndiye ndinazindikira kuti kalata yofulumira imakonda mwana wosasinthasintha, amene anayamba kulimbikira msanga, wa sukulu imene aphunzitsi amamaliza silabasi ndipo wina anamuuza masiku otsekera mafomu. Uja wodzuka mochedwa, amene Giredi 11 anaisewera kenako nkudzazindikira chaka chomaliza, ameneyo amadikira, mwina amuganizire ndi malikisi a pakati pa chaka kapena mpaka Januwale malo atatsala ochepa. Ndipo musaiwale kalatayo ili ndi "bola". Ukatsika pa matiriki malo amakulanda, zimachitika chaka ndi chaka, anthu atadya kale mbuzi.

Kwathu zimenezi kulibe. Njira ndi imodzi, MANEB. Ulembe MSCE cha pakati pa chaka, udikire zotsatira, magiredi 1 mpaka 9, awerenge maphunziro 6 amene wakhoza bwino, ukhale ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Kenako bungwe loyang'anira mayunivesite la NCHE lilengeze kuti funsirani, usankhe makosi ako, mayina adzatuluke pamodzi a mayunivesite onse a boma, UNIMA ku Zomba, MUBAS imene ife akale timaitchabe Poly, KUHeS, LUANAR ku Bunda, MZUNI ndi MUST ku Thyolo. Palibe yunivesite imene imakunong'oneza kuti iwe usadandaule tikufuna. Mwana wa nduna ndi mwana wogulitsa mandasi onse amakasaka dzina pa mndandanda womwewo, foni ikuzungulira netiweki yavuta, ena kupempha mnzawo wa m'tauni kuti tandionere.

Ndipo ndinene mosabisa, pali chinthu chimene ndimachikonda pamenepa. Tangoganizani titati tiyambe kusankha ndi lipoti la Fomu 3. Lipoti lake liti? La pa nashonale sekondale kumene aphunzitsi amaumira malikisi dala kuti ana asamatukumuke, kapena la pa pulayiveti ija kumene ahedi amadziwa kuti makolo akaona 40 amusamutsa mwana? Nanga wa ku CDSS amene Fomu 3 yonse analibe mphunzitsi wa Fizikisi, labu sanaionepo, nkudzadzikoka yekha mu Fomu 4 ndi mabuku obwereka? Ameneyo MSCE ndi imene imamupulumutsa, chifukwa wochonga sakumudziwa. Dziko limene tinakangana zaka ndi zaka za kota, ija yogawa malo a ku yunivesite potengera kumene mwana akuchokera, mpaka boma kudzalengeza mu 2020 kuti yatha, mukuganiza malikisi a aphunzitsi tingawakhulupirire? Mawa lake mumva kuti 85 ya Bayoloje ili pa mtengo wakuti. Kuno zimathekako chifukwa malikisi a kusukulu ali ndi owalondola, ndiponso kumapeto matiriki imadzatsimikiza.

Koma kudikira kwathuku abale, ayi. Mwana amalemba ali ndi moto, masamu ali m'mutu, kenako miyezi ikungopita ali pakhomo. Anyamata amayamba kabaza kapena kukhala pa benchi ya Mpamba ndi Airtel Money, zimenezo nzabwinoko, koma atsikana kumudzi ndiye azakhali amayamba zija za "kodi ukudikira chani, wakuti uja akukufuna". Ena sabwereranso. Ndipo poti sudziwa ngati dzina lituluke, sungakonzeke, kaya ubwereze kuti mapointi atsike, kaya makolo ayambe kusaka fizi ya pulayiveti, kaya uyese ku TTC kapena unamwino. Mwana wa ku Joni pofika Sepitembala amadziwa kale koyang'ana, amafunsira hositelo ndi bazale yomulipirira sukulu nthawi ilipo. Ubwino weniweni wa kalata ija ine ndimauona pamenepo, osati pa ulemu wake.

A ku Zambia ndiye anatenga njira ina, ndinamva bwino kwa mnzanga wa ku Chipata amene timagwira limodzi ntchito. Mayeso awo a Giredi 12 ndi a ECZ, imene ili ngati MANEB yawo, amalemba kumapeto kwa chaka, magiredi ndi 1 mpaka 9 ngati kwathu, ochepa ndiye abwino, ndiye tikamakamba za mapointi timamvana msanga. Nawonso kalata ya msanga kulibe, umafunsira zotsatira zili m'manja, kungoti umafunsira ku yunivesite imene ukufuna, UNZA ku Lusaka kapena CBU ku Kitwe. Chimene chinandidabwitsa ndi cha ku UNZA. Wofuna udokotala kapena uinjiniya mwambo wake wakhala woti amayamba walowa ku Natural Sciences, iwo amangoti NS, chaka choyamba onse pamodzi, ndiye malikisi a chaka chimenecho ndi amene amagamula kuti ndani apite ku Ridgeway kukaphunzira udokotala, ndani atsale. Kunena kwina pamene a ku Joni akuthamangira kukuweruza ndi Giredi 11, a ku Zambia akuti ngakhale Giredi 12 yakoyo sitinaikhulupirire kwenikweni, bwera tikuone tokha. Mnzangayo amati mu NS mumalowa ana a mapointi 6 odzitama, pofika pakati pa chaka ali chete ngati anyowa ndi mvula. Nzankhanza ndithu chifukwa chaka chonse ukulipira osadziwa mathero, koma chilungamo chilipo, onse mphunzitsi mmodzi labu imodzi pepala limodzi.

Mwina ena mwamvapo za ku America, kumene masukulu a Ivy League monga Harvard ndi Yale amatumiza chimene amati likely letter, kalata yokutsina khutu kuti akuyembekeza kukutenga, kwa ana ochepa kwambiri mayina asanatuluke kumapeto kwa Malichi, nthawi zambiri akatswiri a masewera ndi ena amene akuopa kuti sukulu ina iwalanda. Kumeneko nkukopana basi, ngati kufunsira mbeta ena asanafike. Ku Britain nako amapereka malo potengera magiredi amene aphunzitsi alosera, ofuna Oxford, Cambridge kapena udokotala mafomu amatseka pakati pa Okutobala. Ana a kwathu amene amalawako zimenezi ndi a ku Kamuzu Academy, Saint Andrew's ndi Bishop Mackenzie, amene amalemba mayeso a kunja. Ena tonsefe zimatidutsa pamwamba.

Ndipo apa ndichenjeze makolo amene mumandifunsa ku inibokosi kuti mwana wanga wapeza mapointi 9 ndimutumize ku Wits. MSCE payokha kuno amaiona ngati O-Level, sikwanira kulowera digiri mwachindunji, pamafunika satifiketi ya exemption, yovomereza kuti maphunziro a mwana akukwanira kulowera digiri, yochokera ku bungwe la Matriculation Board, ndiye nthawi zambiri mwana amafunika awonjezere A-Level kapena maphunziro ena kaye. Anzathu a ku Zimbabwe apa amatiposa chifukwa A-Level ya ZIMSEC ali nayo kale m'masukulu a boma. Chabwino nchakuti pangano la SADC la 1997 linati ana a m'chigawo chino azilipira fizi ngati eni dziko, ngakhale tindalama tina towonjezera ta alendo sitilephera.

Mukandifunsa ine, kwa a ku Joni ndingabwereke kalendala yawo osati lipoti la Giredi 11. Mwana wa Fomu 4 azisankhiratu makosi asanalembe, zotsatira zikangotuluka kompyuta igwire ntchito yake, mayina atuluke mwezi womwewo kapena wotsatira. Woweruza akhalebe MSCE, kungochotsa chaka chogona pakhomochi. Za NS ya ku Zambia ndimazisirira koma ndikaganiza mmene malo amachepera kwathu, holo yake yokwana ana onsewo tikaipeza kuti.

Mwana wa achemwali Januwale anakhoza, malo sanamulande. Chimene kalata ija sinanene ndi fizi, poti NSFAS, imene boma la kuno limalipirira nayo ana fizi, mwana wa mlendo wokhala pa pemiti saimuwerengera, ndiye alamu panopa Loweruka ndi Lamulungu akuyendetsa galimoto ya hayala mpaka usiku. Wa achimwene uja dzina linatuluka, osati kosi imene anaika poyamba koma ya uphunzitsi wa sayansi, akuti bola kulowa. Dzulo wanditumizira uthenga pa WhatsApp, "ankolo loni sinatuluke, komanso laputopu ija munanena ija mutumiza ndi basi iti?"